Loko wa Kunja

Ndikukumbukira kulira kwa loko. M'mawa uliwonse amayi akamapita kukagulitsa tomato kumsika wa Ndirande, ankakoka chitseko cha nyumba yathu ya lendi, loko n'kulira kuti khe! ine ndili m'kati. Miyendo yangayi sinayendepo chibadwire, ndiye amayi ankaopa akuba, agalu, ana achipongwe, chilichonse. Ankandisiyira tiyi, mbatata ndi kawailesi. Njinga yanga ya olumala ankaikoleka pamsomali m'mwamba poti nyumba inali yothina. Sankandida ayi, kumeneko kunali kukonda kwawo.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, tsiku lina mvula inayamba masanasana, yochita ngati akukhuthula ndowa padenga. Ngalande ya kuseri inasefukira, ndipo madzi ofiira ochokera kuphiri anayamba kulowa pansi pa chitseko atatenga majumbo ndi zitsononkho. Ndinakwawa n'kudzikokera pabedi. Panja anthu ankakuwa kuti, "Madzi! Tulukani!" Koma abale, ndituluka bwanji? Ndinayang'ana njinga yanga ili lende m'mwambamo, mantha n'kundigwira.

Ndinatola mbale yachitsulo n'kuyamba kumenya zitsulo za pawindo. Anandimva ndi a Muhiwa, aneba athu owotcherera zitsulo ku Makata, amene tsikulo sanapite kuntchito.

"Iwe Chisomo, kiyi ali kuti?"

"Ali kumsika!"

Anatukwana m'Chilomwe, n'kubwera ndi nyundo. Pamene ankandibereka, madzi anali atanyambita kale matiresi.

Amayi anafika akuthamanga, nsapato zitatsala kaya kuti, kiyi ali womangirira kunsonga ya chitenje. Ataona chitseko chothyoka ndi bedi lomira, anangokhala pansi m'matope n'kuyamba kulira mokweza. Ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinkadzimvera ndekha. A Muhiwa sanawakalipire. Anangoti, "Mayi, wakuba akanatenga wailesi, koma madziwa akanatenga mwana. Tamufunsani mwiniwakeyu, pakamwa ali napo."

Amayi anatembenukira kwa ine. Sanali atandifunsapo chotere.

"Ukufuna tizitani, mwanangu?"

"Njinga itsike," ndinatero. "Ndipo chitseko ndizitseka ndekha."

Sabata yomweyo a Muhiwa anawotcherera chokhomera cha m'kati, chapansi pofika mkono wanga. Anandipatsanso wezulo wa mpira, n'kuuza nyumba zonse za pamzere wathu kuti wezuloyo akalira, aliyense asiye zimene akuchita. Masiku oyamba amayi ankabwerera panjira kudzakankha chitseko kuti aone ngati ndakhoma, ine n'kumawaseka ndili m'kati.

Tsopano ndikumvetsa kuti chimene chinatsala pang'ono kundipha si madzi okha ayi, komanso chikondi chosafunsa. Munthu wolumala ukamamuteteza, yamba wamufunsa kuti zikavuta athawira pati, ndipo adzaitana ndani. Lero ndili ndi nyumba yanga ku Machinjiri. Amayi akabwera kudzandiona, ndi ukalamba wawowo, amaima pakhomo n'kunena kuti odi, ndipo amadikira mpaka nditsegule ndine.