Tsiku Limene Amayi Anagona Pamaso pa Ankhoswe

Ndikukumbukira kuti kwathu ku Mitundu tinkalankhula monong'ona dzuwa likuswa mtengo. Amayi anali namwino komanso mzamba, ndipo sabata imene anali pa naiti ankagwira ntchito usiku wonse n'kufika m'mawa ife tikumwa phala, maso ali psuu, yunifolomu ikununkha mankhwala. Ankatisisita pamutu n'kulowa kuchipinda. Kuyambira pamenepo wofuna kukhosomola ankakakhosomolera kuseri kwa khola. Ngakhale tambala wathu ankadziwa kuti akalira pafupi ndi zenera alandira chitsononkho.

Abambo anali telala. Masiku oterowo ankachotsa makina awo pakhonde n'kukawaika pansi pa mtengo wa mango kuti phokoso lisafike m'nyumba. Mlongo wanga Yamikani anali wakhanda, ndiye ankamubereka kumsana ndi chitenje cha amayi, miyendo ikupalasa makina. Matewera ankachapanso okha, ngakhale kuti ankathira sopo ngati anachita kutola.

Tsiku lina azakhali a ku Nathenje, alongo awo aakulu a abambo, anatulukira mosayembekezeka. Anapeza abambo akuyanika matewera, mwana ali kumsana.

"Achimwene, kodi alamu akudwala?" anafunsa.

"Ayi achemwali, agona."

Azakhali anayang'ana dzuwa, kenako anayang'ana abambo, ndipo madzi amene ndinawapatsa sanamwe. Pasanathe sabata, nkhani inali itafala ku Nathenje kuti amayi anawadyetsa abambo mankhwala. Azakhali anaitanitsa ankhoswe, aja amene amaweruza nkhani za banja, ndipo mawu a azakhaliwo anali akuti amayi asiye ntchito, apo ayi abambo abwerere kwawo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, koma ndinamvetsa. Ndinachita mantha kwambiri moti ndinkati ndikaweruka kusukulu ndinkathamanga kukaona ngati makina aja akadalipo.

Ankhoswe anasankha Loweruka m'mawa, osafunsa kuti amayi ali pa naiti kapena ayi. Amayi anangofika kuchokera kuchipatala, n'kumanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, n'kukhala pamphasa miyendo atatambasula, mutu atazolika. Amuna anakhala pamipando: amalume anga mbali ya amayi, ndi mkulu wina wa imvi mbali ya abambo. Ine ndinali pakhonde ndi Yamikani, ndikunamizira kumusewera.

Azakhali anayala nkhani yawo motambasula. Anatchula matewera, anatchula maliro a kumudzi amene amayi sanagoneko, anatchula ngakhale kuonda kwa abambo, amene anabadwa owonda. Nthawi yonseyi amayi sanatukule mutu. Mkulu wa imvi uja mpaka anayamikira kuti ngakhale pali zolakwa, ulemu wokha mayiyu ali nawo.

"Amake Tadala," anatero mkuluyo potchula dzina langa, "mwamva zonsezi. Mukuti bwanji?"

Anafunsanso kachiwiri. Chimene chinayankha ndi kamkonono kakang'ono, kofatsa. Amalume anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zawo. Azakhali anawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Mwadzionera nokhatu."

Ine ndinadziwa kuti basi abambo apita. Koma iwo ananyamuka pampando, n'kukakhala pansi pamphasa pambali pa amayi, malo amene mwamuna sakhala pa bwalo lotere. Anakokera mutu wa amayi paphewa pawo.

"Achemwali, tsitsani mawu," anatero chapansipansi. "Awa usiku wonse anali chiimire, kulandira ana a anthu ena. Ndinawakwatira ndikudziwa ntchito yawo, ndipo palibe anandidyetsa kanthu. Matewera ndi a mwana wanga. Ngati pali mlandu ndi wanga, funsani ine."

Mkulu uja anakanda imvi zake, nanong'oneza amalume kuti iye sakuonapo banja lofunika kukonza. Anatsazika ndi manja okha, ndipo azakhali anatsatira pambuyo milomo atatupitsa. Amayi atadzidzimuka anapeza mipando ili yokha, ndipo anafunsa mwamanyazi kuti zatha bwanji. Abambo anangoti, "Mwayankha bwino."

Masiku ano zinthu zinasintha. Abambo amapita ndi ana kusikelo popanda wowaseka, amuna achita unamwino nawonso, ndipo wa pa naiti amaimba foni kunyumba kufunsa ngati ana adya. Komabe ndikudziwa anzanga amene mabanja awo anatha chifukwa cha naiti yomweyi. Amayi anagwira ntchito yawo mpaka kupuma, ndipo pamsika wa Mitundu sayenda mtunda osaimitsidwa ndi munthu amene anabadwira m'manja mwawo. Ndimanyada ndikamaona zimenezi. Koma abambo palibe amawaimitsa panjira, ndiye ndati ndiwalembe pano, anthu adziwe kuti ana onsewo anawalandira ali awiri.