Timawere ta pa Paipi

Mchenga wa ku Armadale, kuno kutsidya kwa nyanja, ndi wosamva. Mungauthirire m'mawa, masana mupeza wauma ngati simunagwireko chidebe n'komwe. Chaka choyamba titafika kuno amuna anga anadzala chimanga ndi maungu mu Novembala, monga timachitira kwathu, n'kukhala pakhonde kudikira mvula. Mvulayo inabwera mu Juni, n'kupeza mapesi okhaokha. Ndinawaseka mpaka nthiti kuwawa, iwo n'kundinyanyala. Kenako mzungu woyandikana nafe anawaonetsa za retiki, mapaipi akuda aja oyala m'munda, ndipo kuyambira pamenepo dimba lakuseri linasanduka mkazi mnzanga.

Pa paipi pamakhala timilomo todonthezera madzi pa tsinde lililonse. Kusitolo amati madiripa, koma amuna anga ankati timawere, ndipo ankatero dala ngakhale pali amayi a kutchalitchi, kuti ine ndisowe poyang'ana. Nthawi yozizira madzi amakhala otseka, ndiye timilomoto timadzaza mchenga ndi nyerere. Kukayamba kufunda ankazula takale n'kuika tatsopano. Ankaviika nsonga ya paipi m'kapu ya madzi otentha kuti ifewe, pena n'kuboola bowo lina, n'kukankha ndi chala chachikulu uku akuluma lilime. Ntchito imeneyi sankalola munthu kuikhudza.

Matenda oiwala anawagwira amuna anga mwakachetechete. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, kotero ndinadziwa dzina lake adokotala asanalitchule. Tsiku lina anasochera pa siteshoni ya sitima ya Cannington, pomwe akhala akutsikira zaka zonsezi. Chingerezi chinayamba kuwathawa. Ine ankandidziwabe, mwina chifukwa cha kulongolola kwangaku. Nkhawa yanga inali pa mwana wathu wamwamuna, yemwe wakulira kuno ndipo amakhala kufupi ndi sukulu ku Murdoch. Akabwera, bambo ake ankangomuyang'anitsitsa, osanena kanthu. Mwanayo anandifunsa m'khichini ngati adadi akumudziwabe. Ndinamukalipira kuti asafunse zopanda mutu, koma funsolo nanenso ndinali nalo.

Ndinaganiza kuti mutu ukaiwala manja amakumbukira, ndaziona kangapo kuntchito. Seputembala atafika ndinagula paketi ya timawere, n'kumuitana mwanayo Loweruka. Ndinati agwire ntchitoyo pamodzi ndi bambo ake, mwina ali chogwada choncho pafupi, fungo la dothi lili m'mphuno, china chake chidzabwerera.

Poyamba zinayenda mpaka ndinadzitama. Mwana anayamba kuzula mwankhanza ngati akuzula dzino, bambo ake n'kudzuka pampando wawo akugwedeza mutu. Anamulanda paipi, anaitanitsa madzi otentha, anamuonetsa popotokola pang'ono kuti bowo lisakule. Zala zawo sizinaphonye ngakhale kamodzi. Anagwada awiriwo mapewa atagundana, kuyambira pa therere mpaka pa mnkhwani. Titatsegula madzi, madontho anayamba kuda pamchenga, tsinde ndi tsinde. Ndinathamangira m'nyumba kukatereka tiyi ndikuimba, ine amene kwaya inandikana kalekale.

Potuluka ndi thireyi ndinapeza amuna anga akusisita mwanayo paphewa, nkhope ili yowala.

"Achimwene, manja anu ndi abwino," anatero. "Mumakhala cha konkuno? Mudzabwerenso chaka chamawa, mudzatithandize."

Mwana wanga Chichewa amamva chapatalipatali, ndipo amayankha m'Chingerezi chake cha m'mphuno chija. Ndinapemphera kuti asamve. Koma chibadwire bambo ake sanamutchulepo china koma iwe. Iwe bwera kuno, iwe wadya kodi, iwe ukhala munthu liti. Mawu amenewo ndiye amawadziwa bwino kuposa onse.

Mwanayo anali chigwadire, paipi ili m'manja, madzi akumudonthera pa bondo. Kenako anayankha m'Chichewa chothyokathyoka kuti adzabwera. Nditabwerera m'khichini ananditsatira, n'kuima pafupi ndi sinki, wamtali kuposa ine, osandiyang'ana.

"Amayi, akunditchula kuti inu."

Ndinafuna kunena kuti n'kuseka chabe, kuti amulemekeza poti tsopano wakula. Ndasambitsa makolo a anthu ambiri, ndatonthoza ana awo m'makonde a kuntchito ndi mawu okonzeka bwino, koma kwa wangayu ndinalibe ngakhale limodzi.

Anabwerera panja n'kumaliza mzere wotsala, bambo ake akumulozera. Dzuwa litapendeka anatenga chikwama kuti akakwere sitima. Amuna anga anandikodola, n'kundinong'oneza mokweza monga amachitira, kuti mlendo sangapite chimanjamanja, ndimuthyolereko mnkhwani. Ndinathyola, ndinakulunga m'pepala. Anaumirira kupereka okha. Mwana wanga anaweramira pang'ono pachipata cha nyumba yomwe anakuliramo, n'kulandira ndi manja awiri.