Themometa ya Amalume ndi Mbira Yanga Yotentha Thupi

Aise, ndikudziwa kuti munena kuti ndayamba kukokomeza, koma kafunseni amayi ku Chiputula. Ine ndinakhalapo dokotala wa mbira ndili sitandade folo. Umboni wanga unali kathemometa kagalasi, kowonda ngati kachubu ka inki ka bolopeni, kamene amalume ankasunga m'kabotolo ka spiriti.

Inali holide ya Julayi, chifunga chili tii mpaka osaona mnzako ali pakhomo. Amalume ankagwira ntchito ku labotale ina cha ku Kaning'ina, ndipo amayi anati, "Mutengeni uyu azikakutsukirani makola, pano akungondithera shuga." Mbira za ku labotaleko zinkakwana m'chipinda chimodzi, koma anzanga a ku Mchengautuwa ndinkawauza kuti zadzaza bwalo la mpira. Yanga inali ya khutu long'ambika. Ndinaitcha Bwanamkubwa chifukwa inkadya osayang'ana anzake.

M'chipindamo munali bokosi lalitali. Kumapeto kwina kunali babu lotentha, kwina simenti yozizira pafupi ndi zenera. Amalume ankabaya mbira zina mankhwala otenthetsa thupi, osati matenda enieni, n'kumaona mbali imene zisankhe. Kuyeza ankayezera m'kachipinda kamkati komwe ine sankandilola. Akangotembenuka ine ndinkatola kathemometa kaja, n'kukaika pansi pa lilime ngati kuchipatala, n'kumazungulira makola manja ali kumbuyo. Kankawawa spiriti, koma udokotala sukoma tsiku loyamba.

Kenako linafika tsiku la Bwanamkubwa. Nditamugwira ndinamva ngati ndatola mbatata pamoto. Koma iye ankanjenjemera, ubweya utaima, makutu ozizira ngati ndalama yachitsulo, atadzipinda pansi penipeni pa babu. Tsamba la kabichi sanaliyang'ane n'komwe. Apo ndinadziwa kuti mnzanga akupita. Ndinakumbukira kuti ndikatentha thupi amayi amandiika nsalu yonyowa pachipumi, ndiye ndinathamanga kukatunga ndowa yonse. Madzi a Mzuzu a Julayi mukuwadziwa, amaluma mpaka mano.

Amalume anandigwira mkono nditanyamula kale ndowa m'mwamba. "Iwe! Thupi lake lasankha lokha kutentha," anatero. "Muyezo wa mkati wakwera, ndiye akumva kuzizira ngakhale akutentha. Ukamuthira madzi angolimbana nawo mpaka kutha mphamvu. Msiye, achoka yekha pababupo." Lero ndikagwidwa ndi malungo n'kumagwedezeka pansi pa mabulangete onse a m'nyumba, thukuta lili kutali, ndimavomereza kuti mdalayo ankanena zoona. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati alibe chisoni.

Ndinataya madzi aja, n'kuvundikira ndowa ija n'kukhalapo, maso pa bokosi. Ndinalonjeza Mulungu kusiya kuba shuga, lonjezo limene tikukambiranabe. Masana dzuwa litang'amba chifunga, Bwanamkubwa anadzuka. Anayenda pang'onopang'ono ngati bwana wochoka ku msonkhano, mpaka kumapeto kozizira kuja, n'kugona pasimenti atatambasula miyendo yonse. Makutu anali atafiira, otentha. Kenako anakoka kabichi ya mnzake n'kuyamba kutafuna.

Ndinakuwa mpaka mlonda wa pageti anabwera ndi chibonga. Ena amati ndinavina mpaka ku Kaning'ina m'nkhalango, ine sindikana. Ndinavina ndithu, manja m'mwamba, kathemometa kali pakamwa ngati ndudu, nditaiwala kuti amalume ali pomwepo.

Apa ndi pamene ndimalekezera nthawi zonse, koma lero mwandigulira chipisi, basi imvani. Amalume atandiona anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwe. "Yewo chomene, adokotala," anatero akupukuta maso. "Mwayamba liti zimenezi?" Ndinati kuyambira tsiku loyamba. Anasekanso, n'kundipatsa madzi amchere kuti nditsuke mkamwa. Kunyumba atawanong'oneza amayi, amayi anangondigulira mswachi watsopano.

Ine ndinkayesa ndi mphatso ya kupulumutsa mbira, ndipo ndinauonetsa mpanda wonse. Zinanditengera mpaka fomu filii, aphunzitsi akujambula pa bolodi, kuti ndimvetse chifukwa chimene amalume ankatsekera chitseko cha kachipinda kaja. Mbira sayiyeza kukamwa, aise.