Mbuzi Imene Inatsala Kumwezi

Mpaka lero ndikaona munthu akung'amba buku, ngakhale lakale lopanda ntchito, mtima umandipsa. Ana anga amandiseka nazo. Sadziwa kuti mayi wawo yemweyu anang'amba mabuku ambiri ndi manja akewa, asanawerengeko ndi limodzi lomwe.

Tinkakhala m'dziko la eni, m'komboni ya Kanyama, m'chipinda chimodzi cha lendi, ine ndi amayi basi. Zinali zaka zija zinthu zitasowa m'masitolo, ufa, sopo ndi mafuta ophikira anthu akuziimira pamzere tsiku lonse n'kubwerako chimanjamanja. Fakitale imene abambo ankasokako matumba itatsekedwa, anakwera sitima kulowera kummwera kukasaka ntchito. Tsiku lonyamuka anandigwira pamutu n'kunena kuti akangopeza pokhala adzabwera kudzatitenga. Mvula inagwa, madzi analowa m'nyumba monga amachitira ku Kanyama, anaphwa, inagwanso ya chaka china. Kalata osabwera. Ndikafunsa, amayi ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, mpaka ndinafika podana nayo nkhonoyo.

Sukulu ndinali nditasiya chifukwa cha yunifolomu ndi nsapato. Anzanga ndinalibe. Makolo anga anachokera ku Malawi, ndiye ndinkalankhula monga tinkalankhulira m'nyumba mwathu, ndipo ana a m'komboni ankati ndimalankhula ngati nkhalamba ya kumudzi. Ndikangotsegula pakamwa ankandiyeserera, mpaka ndinasiya kuwatsata.

Amayi ankagulitsa mchere ndi tinsomba touma ta kapenta pamsika. Malo anga anali pansi pa thebulo lawo, pachiguduli, ndipo ntchito yanga inali kupinda mapepala okulungira malonda, poti timatumba tapulasitiki tinali tosowa. Pepala unkaling'amba, kulipinda ngati nyanga, n'kutsina kunsonga kuti mchere usatayike. Pansi pamenepo anthu ndinkawadziwa ndi mapazi. Mapepalawo ankabwera nawo mdala wina wa njinga, amene ankatolera zotayidwa m'maofesi ndi m'masukulu m'tauni. Mdalayu anali ndi lamulo lake. Kuti azimayi a pamsika asadandaule kuti wina wapatsidwa mtolo wonenepa, buku lililonse ankalithyola pamsana, theka uku, theka uko. Anali munthu wachilungamo zedi, ndipo sindinamukhululukire mpaka pano.

Tsiku lina mumtolo wathu, pakati pa mafomu ndi makope akale, munatuluka theka la buku la zithunzi. Chikuto linalibe. Masamba ake anali olimba, osalala, ndipo zilembo zake sizinali za Chingerezi kapena zathu, zina zinkaoneka ngati zayang'ana kumbuyo. Sindinavutike nazo, zithunzi zinkakwana. Munali mbuzi ndi bakha. Nyama ziwirizi zinakhoma chombo chosongoka kuseri kwa khola, zinavala zisoti zagalasi, nyanga za mbuzi zitatulukira m'mabowo awiri, n'kuuluka kupyola mitambo mpaka kumwamba kunada bii, dziko lathu n'kutsala kang'ono ngati ndimu. Zinatera pamwezi. Mbuzi, poti ndi mbuzi, inapita kukasaka msipu kumalo kopanda ngakhale kaudzu kamodzi. Patsamba lomaliza la theka langalo chombo chinali chitanyamuka, bakha ali pawindo kukamwa yasa, mbuzi ili pansi yokhayokha, khosi m'mwamba. Kutembenuza, ulusi wa pamsana wa buku, basi.

Ndinapempha amayi kuti thekali tisaling'ambe. Anati ndikhale nalo mpaka mapepala enawo atatha, osapitirira pamenepo, chifukwa zithunzi sizidyedwa. Sanalitembenuze n'komwe. Ndinkadziwa kuti kwa iwo pepala ndi pepala.

Sindidziwa kuti zinayamba liti, koma m'mutu mwanga ndinamanga mfundo. Mbuzi ija akakaitenga, abambo adzabwera kudzatitenga. Akaisiya komweko, ndiye kuti ifenso tasiyidwa. Musandifunse nzeru zake. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinalibe mnzanga wondiuza kuti n'zopusa. Ndinkaliyang'ana tsamba lija tsiku ndi tsiku, ndikuwerenga nyenyezi zake ndi chala.

Theka linalo ndinalipeza mwangozi. Mtsikana wina anadutsa akudya chitumbuwa, ndipo pepala la mafuta limene anataya pafupi ndi chiguduli changa linali ndi bakha wanga, atatera padziko, akuthamanga mapiko ali m'mwamba. Mdala uja anali atapereka mathero a nkhani yanga kwa mayi wokazinga vitumbuwa kumapeto kwa mzere wathu. Pa azimayi onse a pamsika, anasankha yemweyo!

Mayi ameneyu ndi amayi sankalankhulana. Anakanganira pamzere wa ufa. Masiku amenewo munthu ukatopa kuima unkasiya mwala kapena chitini kuti chikusungire malo, ndipo mayiyu anati amayi anasuntha mwala wake. Anawauza pagulu kuti abwerere kwawo akadye ufa wa kumeneko. Chichokereni tsikulo ndinaletsedwa ngakhale kununkhiza utsi wa mbaula yake.

Ndiye ndinayamba kulondola ogula ake ngati galu. Munthu akagula chitumbuwa ndinkatuluka pansi pa thebulo n'kumutsatira chapatali, kudikira kuti ataye pepala. Koma anthu! Wina ankapukutira m'manja n'kulifinya mpaka kukhala kampira. Wina ankalipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba, kuti akayatsire moto kunyumba. Bambo wina ndinamutsatira mpaka pokwerera mabasi a m'tauni, iye n'kupukutira nsapato yake, ine ndikuona. Ena ankaponya m'ngalande, ndipo ngalande za ku Kanyama ndi zosafunika kuzifotokoza. Ndinalowetsamo dzanja ndithu.

Pa masiku onsewo ndinapeza masamba atatu okha owonjezera. Pena bakha akugogoda pakhomo la ng'ombe. Pena nyama zitasonkhana, iliyonse ikuloza inzake, monga amachitira anthu pamaliro a munthu wosauka. Pena mbuzi itadzipinda m'kadzenje ka pamwezi, itagona, chisoti chili chivalire. Ndinawayanika pamwala n'kuwasanja m'njira zonse, koma palibe limene linanena mathero.

Kenako mdala wa njinga anasiya kubwera. Ankati ngakhale m'maofesi mapepala asowa, akulemba mbali zonse ziwiri. Mafomu athu anatha, makope anatha, ndipo amayi anangotambasula dzanja pansi pa thebulo, kufuna buku lija. Tinayambira kutsogolo. Khola linapita ndi mchere, mitambo inapita ndi kapenta, dziko longa ndimu lija linapita ndi mayi wina wa ku Chawama amene anadandaulanso kuti tamuchepetsera. Ndinkapinda ndekha, misozi ya ukali ikugwera pamiyendo. Masamba a m'ngalande aja sakanakulungira chakudya, koma sanali kanthu kwa ine. Mtima wanga unali pa limodzi lija.

Litatsala lokhalo, la mbuzi yoyang'ana kumwamba, ndinaimirira masanasana, amayi akuona, n'kulunjika kumapeto kwa mzere.

Mayi uja anandiona ndikadali patali, n'kukuwa m'kalankhulidwe ka m'komboni. "Iwe, ufuna chani? Bakutuma bamai bako?"

Ndinati sanandituma. Ndinamuonetsa tsamba langa n'kupempha lomaliza la buku limenelo, ngakhale kungoliona. Anaseka pang'ono, n'kundiuza kuti otsalawo anayatsira mbaula m'mawa womwewo, poti parafini sankapezeka. Ndinayang'ana makala aja ali psuu pansi pa chiwaya. Ndikanayenera kuchoka, koma ndinangoima.

"Koma munaona?" ndinafunsa. "Mbuziyi anakaitenga?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mpaka chitumbuwa china chinayamba kupserera. Anayang'ananso kuthebulo la amayi. Nkhani ya abambo msika wonse unkaidziwa.

"Banaitenga," anatero. "Banabwela bonse na chindeke chikulu, banaitenga. Manje yenda."

Kaya anaonadi, kaya ayi, sindidziwa. Mayi ameneyo ankang'amba mapepala maso ali m'chiwaya.

Ndinabwerera ndikuyembekezera mbama. Amayi sananditembenukire, anali akusalaza mulu wa mchere ndi supuni. Ndinalowa pamalo anga pansi pa thebulo. Patapita kanthawi ndinamva mawu awo kuchokera pamwamba pa thebulo, otsika, osati aja oitanira malonda.

"Wati chiyani?"

"Akuti anakaitenga."

Supuni inasiya kulira. Ndinkangoona mapazi awo, zidendene zong'aluka, chala chachikulu chikukanda pansi.

"Patapita nthawi yaitali bwanji?"

Masiku onsewo ndinkayesa kuti bukulo ndi langa ndekha, kuti wodikira ndine ndekha. Sindinaganizepo kuti masamba amene ndinkapinda ankadutsa m'manja mwawo asanathiridwe mchere, ndiponso kuti amayi anga anali ndi maso. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinachita manyazi, koma sindinatuluke kukawagwira. Sitinali anthu ogwirana.

Nthawi yomweyo panabwera mayi wogula mchere. Pepala lotsala linali limodzi, ndipo ndinalitukula ndekha kuti alitenge. Amayi analilandira, analiyang'ana, n'kuliika pansi pa chitini. Anauza wogulayo kuti mapepala atha, atambasule nsonga ya chitenje, ndipo anamuthirira mcherewo momwemo.

Abambo sanabwere, ngakhale uthenga wa imfa yawo sunabwere. Amayi anamwalirira m'komboni ina, ku Matero, ine nditakwatiwa kale. Potsegula sutikesi yawo kuti achibale agawane zovala, ndinapeza tsamba lija pansi penipeni, litapindidwa kanayi pamodzi ndi kadi la abambo la kufakitale. Azakhali anafunsa ngati ndi pepala lofunika. Ndinati ayi, n'kuliika m'thumba mwanga. Linali likununkhabe kapenta.