Tsiku Limene Ndinabereka Amayi mu Utsi

Amene anatilakwira ndi alamu anga, bambo a Tadala, amuna a mlongo wanga. Anatitsekera chitseko cha shopu yawo ya penti, ine ndili ndi amayi kumsana.

Linali tsiku lokapereka makhololo kuchipatala. Amayi anali pa mankhwala a TB. M'mawa uliwonse kunkabwera a Asiyatu, mayi wodzipereka pa zaumoyo m'dera lathu, kudzaonetsetsa kuti amezadi mapilitsi. Tsikulo anatiperekeza. Kabotolo ka makhololo ndinakaika m'thumba la malaya.

Tikuyandikira kumsika, tinapeza mavenda ndi apolisi atayambana. Miyala. Kenako utsi wokhetsa misozi. Tomato ali mbwee pamsewu.

Amayi anagwada pansi, mpweya ukukana. Ndinawabereka. Thumba la makala limalemera kuposa iwo.

Shopu ya alamu inali pafupi. Munali mutadzaza anthu obisala, ena osawadziwa n'komwe. Alamu anasuzumira pakampata, n'kunena kuti, "Chifuwa chimenecho mutipatsira tonse muno." A Asiyatu anawauza kuti amayi akhala akumwa mankhwala osadumphitsa, sangapatsirenso munthu. Loko analira m'kati.

Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Ndinamenya chitsekocho ndi phazi mpaka chikhadabo chinazuka. A Asiyatu anandikoka. Anavula mpango wawo wakumutu, pamsewu, amuna akuona. Anaunyika m'ndowa ya madzi imene wogulitsa masamba anaisiya pothawa, n'kuwaphimba nawo amayi kumaso.

Tinatsetserekera ku Msika wa Tsoka. Mlatho wa mitengo wowolokera mtsinje pamenepo unkagwedezeka ndi anthu. Pansi madzi akuda. Amayi analeka kutsokomola, ndipo apo m'pamene ndinachita mantha. Ndinkangomvetsera ngati mpweya wawo ukundifikabe pakhosi.

Kutsidya, chakumayadi a ku Area 3, kunali zii. Mlonda wina anatikhazika pamthunzi wa mpanda, n'kutipatsa madzi. Amayi anatsegula maso. Anafunsa ngati kabotolo kalipo. Kanalipo.

Amayi anamaliza mankhwala. Alipo mpaka lero, koma akayenda pang'ono amaima, dzanja pachipupa.

Amayi atachira, alamu anabwera kunyumba ndi shuga ndi buledi. Ananjuta pakhomo, kulonjera bwinobwino ngati palibe chinachitika. Amayi anavomera moni. Ine manja ndinawapanira m'khwapa kuti asachite zawo.

Ndinati, "Alamu, munthu amene munamusiya mu utsi uja ndi amene anakuberekerani mkazi. Tengani shuga wanu, mukamwe ndi anthu munawabisa aja."