Tsiku limene analambula khwawa la mwiyo

Achimwene anga a Andireya ndi mlimi wa fodya ngati wina aliyense kuno kumapiri a Msakambewa, koma mutu wawo sunakhalepo pa fodya ayi. Unali pa mbalame. Munthu wamkulu ndithu, kuima pakati pa munda khasu lili m'manja, khutu tcheru, ati akumvera mpheta! Akazi awo a Anjelina ankangoseka n'kuti, "Asiyeni, ndinakwatiwa ndi munthu wa m'tchire."

Kwaya ya kutchalitchi achimwene anaitsogolera zaka zitatu basi. Ankauza anthu kuti aziimba motsitsa mawu, ndiye ife kuno kuimba motsitsa? Anawachotsa. Iwo osadandaula, anakasema kaligo, kachoimbira ka chingwe chimodzi kokhwekhweza ndi kauta, n'kuitana a Nedson a bangwe ndi a Petulo a chitoliro cha nsungwi. Ine Roza ndinali wachinayi, wolakatula mawu. Ng'oma panalibe, kuvina panalibe, moti anthu ankatitcha gulu la maliro.

Mawuwo ankalemba ndi a Anjelina m'kope la kusukulu: ndakatulo za nkhungu ya pa phiri la Ntchisi, za masuku, za fungo la mvula yoyamba. A Anjelina atamwalira, achimwene anapeka nyimbo pa ndakatulo yawo yomaliza. Nyimbo imeneyi sinkaimbidwa paliponse. Tinkaimbira m'khwawa la kuseri kwa tchalitchi, pa ziyangoyango pamene pankakhala mwiyo, kambalame kakuda koyera pachifuwa, kaja kamati kamuna kakaliza mluzu kakazi n'kuyankha pompo. Pakati pa nyimboyo a Petulo ankaliza chitoliro ngati kamuna, tonse n'kuti zii, kuwerenga chamumtima mpaka kasanu ndi katatu. Ndiye kambalame kankayankha kuchokera m'zitsamba. Achimwene ankati, "Pamenepo ndi pa Anjelina."

Chaka chatha makutu a achimwene anayamba kufa. Kaligo ankaliza mongomvera m'zala. Ndiye tinalandira uthenga woti a Sharon, mayi wina wa ku Lilongwe wojambula nyimbo za m'midzi, abwera Loweruka, tsiku limodzi lokha. Achimwene anandigwira mkono, amvekere, "Roza, makutuwa asanatsekeretu, mawu a mwiyo alowe m'makina. Ndizikawamvera ndili m'nyumba."

Pakamwa pangapa! Ndinauza a Stephano, apampando a mphakati wathu wa kutchalitchi, kuti kukubwera alendo. Inu mukudziwa, kwathu kuno mlendo wa galimoto salandiridwa patchire. Lachisanu ife tili ku Dowa Boma kukaonetsa makutuwo kuchipatala, mphakati wonse unatsikira kukhwawa ndi zikwanje ndi zikwakwa. Anadula, anatentha, anasesa, miyala n'kuipaka laimu. Mitengo ya pa ziyangoyango zomwezo anamangira chisakasa choti alendo akhale pamthunzi.

Pobwera a Stephano anatichingamira thukuta lili kamukamu. "Amayi, onani ntchito! Alendo asakanene kuti kuno kuli anthu auve."

Ndinapsa mtima. Anthu omwewo, otitcha gulu la maliro zaka zonsezi, lero ati atichitira ulemu! Achimwene anayang'ana phulusalo nthawi yaitali, kenako n'kuloza kachitsamba kamodzi kotsala kumunsi. "Mwina mwiyo wabisala apo," anatero.

Loweruka a Sharon anatchera makina awo. Bangwe anayamba, kaligo n'kulowa, ine n'kulakatula mawu a alamu anga. A Petulo analiza chitoliro. Tonse zii. Ndinawerenga kasanu ndi katatu, ndinawonjezanso kasanu ndi katatu kena. Kunangomveka mphepo ndi mbuzi ya kutsidya.

Achimwene anatsegula maso n'kundiyang'ana. "Roza, wayankha?"

A Nedson anazolika. A Sharon anavula zomvera zawo za m'makutu. Ine, munthu wolandira Ukaristia sabata ndi sabata, ndinakweza mawu kuti amve bwino. "Wayankha, achimwene. Chapatali, koma wayankha."

Anamwetulira, n'kumaliza nyimboyo bwino kuposa masiku onse.

A Sharon anatitumizira nyimboyo pa foni. Mwiyo sanabwererenso, ndipo m'khwawamo chaka chino wina wadzalamo mpiru. A Stephano mpaka pano amanyadira pamsonkhano kuti mphakati wathu umadziwa kulandira alendo, ine n'kumangoluma mano.

Makutu a achimwene anatsekeratu. Komabe m'mawa uliwonse amakhala pakhonde, foni itakanikizidwa kukhutu, milomo ikuwerenga. Akafika paja palibe kanthu, amakweza chala kundiuza kuti ndikhale chete, a Anjelina akuyankha.