Dzanja Limene Linalemba Kope Lija

Apolisi anadzanditenga Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Okutobala, ndili m'kalasi ku Nazombe, choko chili m'manja. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Anthu lero amati ndinamangidwa chifukwa cha timapepala totaipidwa tonyoza boma. Bodza limeneli ndalimvanso pamaliro sabata yatha, akulinena mdzukulu wa munthu amene anakandinenera. Ine makina otaipira sindinawakhudzepo.

Chimene anachipeza chinali kope langa. M'menemo ndinkalemba m'Chilomwe ulendo wa makolo athu kuchokera ku Mozambiki, monga anandifotokozera azakhali anga: mitsinje imene anawoloka, ndi mayina a ana amene anawaika m'manda m'njira. Pachikuto ndinalembapo liwu limodzi la Chingerezi, manuscript.

Wondifunsa anali wapolisi wamkulu wovala zawamba. Analoza pachikutopo.

"Aphunzitsi, tiphunzitseniko ife mbuli. Ichi n'chiyani?"

Ndinayankha ngati ndili m'kalasi, ndipo kunyada kumeneko sindikukana. Ndinati Angerezi analitenga ku Chilatini: manu ndiye kuti ndi dzanja, scriptus ndiye kuti cholembedwa. Ndi chinthu cholembedwa pamanja, chisanapite kosindikiza.

"Ndiye kuti mlanduwu ndi wa dzanja," anatero akuseka. "Dzanja liti? Tionetseni."

Ndinaika lamanja patebulo. Zimene zinatsatira sizinatenge nthawi yoposa yoitanira mayina a ana m'mawa. Zala zitatu sizinawongokenso.

Kopelo analiwotcha pabwalo ine ndikuona. Wina anati, "Chilomwe chimayaka bwino, eti?"

Ndinakhala m'ndende miyezi khumi ndi inayi osazengedwa mlandu. Tsiku lililonse ndinkatchula mayina aja chamumtima. Asanu ndi awiri ndinawasunga. Ena onse anandithawa, ndipo azakhali anamwalira ine ndili m'kati.

Anandimasula Lachisanu, kukugwa mvula. Anandipatsa pepala loti ndisaine, dzanja n'kukanika kugwira cholembera. Anandidinditsa chala, ine mphunzitsi. Mlonda wa pachipata anati, "Pitani, aphunzitsi, ndinu mfulu."

Ufulu umenewo ndaupima kwa zaka zambiri. Lero aliyense ali ndi ufulu wopotoza mbiri yanga, pamaliro, ine mwiniwake ndili chikhalire pampando. Ana aja amene mayina awo anapsa palibe wowatchula.

N'chifukwa chake ndalemba ndekha, ndi lamanzere, zilembo zokhotakhota. Mwana wanga wamkazi akuti, "Bambo, bweretsani ndikutaipireni pa kompyuta." Ndakana. Wofuna kuwerenga ayambe waona dzanjalo.